Injini ya boti yapita ku masheya

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa mayi sunaleke kutupa.

Tachita monga munalamulira. Loweruka munthu wa ku Dwangwa anagula injini ya boti lathu, ndipo ndalama tatumiza kuti mugulire masheya a kampani yogulitsa zopangira matchipi a makompyuta ija.

Mukuti mtengo wa masheyawo wagwa, choncho nthawi yogula ndi ino. Koma ndawerenga m'nyuzipepala kuti matchipiwo angodzaza m'nkhokwe, ndipo mafakitale achepetsa ntchito. Usipa ukachuluka mpaka kuwolera pathandala, asodzi amaleka kupita panyanja, woyamba kulira n'kukhala wogulitsa maukonde. Kampani yanuyo ndiye wogulitsa maukondeyo. Mwina mtengo udzakweranso, koma chaka chake palibe akuchidziwa.

Nditawafotokozera mayi, anangoti, "Mwini mbumba wanena, iwe ndiwe yani?"

Achimwene anga, a Yohane, tsopano akupalasa ndi nkhafi, sakufikanso kwakuya kumene kuli utaka. Dzulo anabwerako ndi ndiwo za pakhomo zokha.

Ngati simunagule, chonde bwezani ndalamazo tipeze injini ina, ngakhale ndikudziwa kuti kalatayi ikupezani mutagula kale.

Ambuye akusungeni.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Esinati