Mauthenga a Abambo Anali Anga

Golomoti, Dedza
14 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Ndalemba papepala chifukwa ndikalemba pa foni ndifufuta ndisanatumize. Kuno tili bwino. Dzino la Rozina lakutsogolo laguluka, ndiye akumaseka atatseka pakamwa. Mpunga wacha kudambo, ndipo m'mawa akakowa amayenda m'mbali mwa munda mwaulemu ngati anthu opita ku misa ku Mua.

Uthenga wanu wa Lamlungu ndinaulandira. Mwati mubwera Loweruka chifukwa abambo asintha, tsopano akulankhula ngati munthu wa mtima wofewa. Musanakwere basi ku Mchinjiko, pali kanthu koti ndikuululireni.

Mukudziwa kuti abambo salemba ndipo foni sayigwira. Iwo amanena, ine n'kumalemba. Ulendo woyamba, mu Febuluwale, anati, "Uwauze amako kuti udzu wakula m'munda, wopalira palibe." Ine ndinakulemberani kuti, "Munda ukufunsa za inu."

Sabata imeneyo a Jonasi, aphunzitsi athu a Chichewa, anali atalemba ziganizo ziwiri pa bolodi: "Mvula inamenya mudzi" ndi "Mvula inayendera mudzi." Anati, "Mvulayo ndi imodzi, madzi ake ndi omwewo. Koma ndani pano angayitsegulire chitseko yoyambayo?" Anzanga anaseka. Ine ndinakumbukira tsiku lija tikupuntha mpunga chaka chatha, abambo atakuuzani pamaso pa azakhali ndi anthu onse kuti, "Pano ndinu mlendo, munachita kutengwa." Zoti munabwera pa chitengwa aliyense akuzidziwa, ngakhale inu mumazinena. Akanati munasiya kwanu kudzatimangira mudzi, nkhani ikanakhala yomweyo, ndipo chikwama chanu chikanakhala chili pamsomali mpaka lero.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka sindidutsira ku bwalo la mpira. Ndimakhala panjanji pafupi ndi mlambe uja, kuyang'ana mitambo ikutsetsereka m'mapiri a Dedza, ndikulawa mawu limodzilimodzi ngati masau, ili lowawasa, ili lakupsa. Nthawi zina kutali kumene zitsulo zimanjenjemera ndi dzuwa ndimakuonani mukubwera, mutasenza chikwama, mapazi osaponda pansi. Mukayandikira mumasanduka mayi wina wa nkhuni.

Kumeneko n'kumene ndinkakonzera mauthenga onse. Abambo atati, "Rozina akulira, kodi anawa ndi anga ndekha?" ine ndinalemba kuti, "Rozina amagona atakumbatira chitenje chanu, nanenso tulo ndikutisowa." Atati, "Ngati sabwera anene," ndinalemba kuti, "Khomo n'lotsegula." Ndinkadziuza kuti sindikunama, ndikungosandutsa mvula yomenya kukhala yoyendera. Mayankho anu atayamba kutalika ndinkawawerenga kangapo ndisanapite nawo kwa abambo, ndipo ndivomere, ndinkanyadira.

Lachisanu a Jonasi anatibwezera nkhani zimene tinalemba. Mu yanga munali msodzi wolankhula mawu okoma ngati nyimbo. Anandiitana payekha n'kunena kuti, "Lameki, msodzi wakoyu ndi wokongola, koma sindinamuonepo ku Mtakataka. Ukam'patsa munthu mawu osakhala ake, walenga munthu wina." Lamlungu uthenga wanu unafika. Ndinauwerenga ndi mantha, chifukwa mwamuna amene mukumubwerera Lowerukayo ndinamuumba ine panjanji.

Dzulo masana ndinawapeza abambo pansi pa mango akusema mpini. Ndinakhala pansi n'kuwawerengera zonse, zimene ankanena ndi zimene ndinkatumiza.

"Zimenezo ndinanena ine?"

"Ayi, ndinanena ine."

"Ndiye amako akubwerera iweyo."

Anapitiriza kusema. Zipalapasiro zinkagwera pamapazi pawo, ine ndikudikira kukalipiridwa. Patapita nthawi anati, "Zija za munda uwerengenso." Ndinawerenganso.

"Munda sufunsa, mwana iwe. Sukuluyi yakuzunguza mutu."

Anaika kasemasema pansi n'kuyang'ana kudambo nthawi yaitali, ngati akumvetsera ngati mundawo ungafunsedi. Kenako anati, "Tenga cholembera. Ulembe monga ndinenere. Ukathira shuga ndidziwa." Mawu awo ndawaika kumapeto kwa kalatayi.

Amayi, ndikhululukireni. Ndimafuna mubwere kuposa china chilichonse, koma sindikufuna mutsike basi n'kuyamba kufunafuna munthu amene kulibe. Amene alipo ndi yemwe uja munamusiya, wa mawu ochepa ndi okhakhala ngati khungwa. Mwina ndakuwonongerani ulendo. Kalatayi ndapatsira a Yakobo amene akubwera kumeneko mawa, kuti ikupezeni nthawi yoganiza ikadalipo. Loweruka ndikakhala pa siteji kuyambira m'mawa. Mukapanda kutsika sindidzakwiya, ndidzangomuuza Rozina kuti minibasi zinadzaza.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse a kumeneko. Rozina akupereka moni, wati dzino lake wakusungirani m'bokosi la machesi. Azakhali nawonso akupereka moni, mwa njira yawo.

Abambo ati: "Amake Lameki, chikwakwa chanu ndachinola, sindinalole munthu wina kuchigwira. Mawu aja a mlendo ndinalakwa. Ena ndilibe."

Dzanja linandiyabwa kuti ndifufute mawu awiri omalizawo, koma ndawasiya.

Ndine mwana wanu,
Lameki