Lamba wa kanjinga ka Nodoka

Bifuka, Hokkaido

Okondedwa achemwali Fumiyo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mawondo a amayi ali bwanji? Ino ndi nyengo yodula nzimbe kwathuko, ndiye muwaletse kupita kumunda ngakhale akukalipireni. Ine kuno ndili moyo. Chipale chofewa chakwirira mipanda mpaka chafika m'mawindo, ndipo zala zanga zang'ambikanso ngati chaka chatha.

Pali nkhani imene sindikanatha kuinena pafoni, poti amayi amakhala pambali panu atatchera khutu. Ndamuona Nodoka.

Musafulumire kusangalala. Mukudziwa kuti banja langa litatha mwanayo anatsala ndi mayi ake, Mineko, asanayambe n'kuyankhula komwe, ndipo kuyambira pamenepo ine anangondifufuta. Mineko anakwatiwanso ndi a Oikawa, oweta ng'ombe zamkaka kutsidya kwa mtsinje wa Teshio. Mwezi watha a Oikawa anafika pagalaja pathu atanyamula pagalimoto kanjinga kamoto ka ana koyenda pachipale. Ndinakazindikira asanakatsitse. Ndi kaja ndinagula kwa munthu wina Nodoka akadali kukwawa, inu n'kumandiseka kuti ndapenga. Chigwiriro chake chakumanzere ndinachiwotcherera ndekha, chipsera chake chikadalipo.

A Oikawa si munthu woipa, ndipo chimenecho ndiye chimandiwawa kwambiri. Anawerama mwaulemu n'kunena kuti kukanakhala galaja ina pafupi sakanandivutitsa. Anati injini ikulira bwino koma kanjingako sikakusuntha, ndiye mwana sakuwapatsa mtendere. Kenako, maso ali pansi, anandiuza kuti Nodoka anauzidwa kuti bambo ake anabwerera kuzilumba zakwathuko kalekale, ndipo anandipempha kuti zikhale choncho. Ndinavomera. Munthu wobweretsa ntchito sakanizidwa kanthu.

Nditakagoneka cham'mbali, vuto linaonekeratu. Lamba wa mphira uja amene amakwawa pansi anali atakhwefuka, ndipo mano a gudumu limene limamukoka anali atatha, moti lamba ankangolumpha pamwamba pake. Beyaring'i ya mbali imodzi imene gudumu limazungulirapo inali itagwira dzimbiri. Mabawuti awiri akumbuyo okokera lamba, munthu wina anawamanga mosiyana, ndiye lambayo ankayenda chokhota n'kumadyeka m'mphepete. Zaka zonsezi palibe amene anaikamo girizi ngakhale wa pachala. Mwana wanga amamukweza pa zinthu zotere, achemwali, ine ndili kutsidya kuno ndikukonza za ana a eni.

Ndinasintha gudumu ndi beyaring'i, ndinaitanitsa lamba watsopano ku Asahikawa. Nditaimika kumbuyo kwake m'mwamba kuti ndiwongole lambayo, mdala Tateishi, mwini galaja, anabwera kudzaima kumbuyo kwanga ndi kapu yake ya tiyi.

"Iwe Tsuguo, m'mutu mwakomo muli oyilo kapena?" anatero. "Mabawutiwo usamange kwambiri. Lamba akhwefukanso, abweranso nako, mwana umuonenso. Nyengo yozizira ikadali yaitali."

Sindikubisirani, ndinakhala nthawi ndithu sipanala ili m'manja. Njira ina yomuonera ndilibe. Koma lamba wokhwefuka savukira pabwalo, amavukira pamtsetse kanjinga kali pa liwiro, n'kuima mwadzidzidzi, wokwerapo n'kuponyedwa kutsogolo. Kumunsi kwa khola la a Oikawa kuli mpanda wawaya. Ndinamanga mabawuti onse awiri mofanana, ndinayesa lamba ndi chala, ndinazunguza injini n'kuona akuyenda pakati penipeni. Mdala Tateishi anapukusa mutu nati munthu wopusa chonchi sanamuonepo.

Chinthu chimodzi chokha ndinapempha: kuti mwini kanjinga abwere, ndikonze masipuling'i molingana ndi kulemera kwake. Silinali bodza lenileni, ngakhale ndikanatha kungofunsa pafoni.

Anabwera Loweruka m'mawa, Mineko n'kutsala m'galimoto magalasi atatseka. Achemwali, mwana watalika kupitirira tebulo langa la zipangizo. Ali ndi mpata wa mano uja wa kwathu, ndipo akamaganiza amaluma mlomo wam'munsi ngati malemu bambo. A Oikawa anamuuza kuti apereke moni kwa ankolo, iye n'kuwerama bwinobwino monga anamuphunzitsira. Ndinamunyamula m'khwapa kumukhazika pampando. Akanatha kukwera yekha, koma ndinamunyamula.

Ndinachedwa dala pa masipuling'iwo, iye akundifunsa za chitsulo chilichonse ndi ntchito yake. Mwanayo a Oikawa amawatchula kuti adadi, ndipo amatchula mosavutikira. Kenako anazungulira bwalo la galaja pakanjingako chipale chikuthovoka kumbuyo, akuseka mpaka agalu a mdala Tateishi anayamba kuuwa.

Atatsika ndinatulutsa m'thumba chibuma cha shuga wakuda uja amayi amatumiza chaka chilichonse kuti ndikapatse mdzukulu wawo. Nodoka anaika manja kumbuyo.

"Pepani ankolo," anatero. "Amama anati ndisamalandire zinthu kwa anthu osawadziwa."

Ndinamuuza kuti amama ake ananena zoona. A Oikawa ankangoyang'ana matayala a galimoto yawo. Tikukweza kanjingako, mwana anandikoka malaya n'kufunsa ngati adzabwerenso kakadzawonongeka, poti kuno n'kosangalatsa.

"Sikadzawonongekanso," ndinamuyankha. "Ndakonza bwino."

Ndipo ndi zoona, achemwali. Lamba ameneyo adzatha Nodoka atakula kale, kanjingako atakasiyira ana ena. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene manja angawa anagwirapo ndi imene yanditsekera chitseko. Mtima wanga ukuwawa, ndipo sindikudziwa woti ndimukwiyire, poti aliyense anachita zaulemu.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze amayi asiye kutumiza shuga. Mapaketi a zaka zonsezi ali m'kabati mwanga, ndipo ndatopa kuwanamiza kuti mwana anadya n'kuthokoza. Inu mumadziwa kuyankhula nawo, mupeze mawu ake. Muwauze za mpata wa mano uja, muwauzenso kuti ndi wonenepa bwino komanso waulemu. Za ankolozo musawauze.

Zobwerera kwathu musandifunsenso chaka chino. Mphepo ikachokera kutsidya ndimamva kanjingako kakulira, ndipo injini yake ndimaizindikira.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Shigenobu, kwa azakhali a ku Naze, ndi kwa ana anu onse. Iwowo akanditchula ankolo sindidandaula.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Tsuguo