Banga la Pakhomo la Kuchipinda

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko?

Kuno ku Lufita tadzuka. Yambani mwaseka: mwana wanu wa digiri uja anayamba kupaka vanishi m'chipinda chake kuchokera pakhomo kulowera mkati, mpaka anadzitsekera pakona. Ndinatulukira pawindo, matako patsogolo, a Nakamba oyandikana nafe akuonerera. Anangondilonjera kuti, "Yewo, aphunzitsi."

Ndimafuna kusintha mtundu wa matabwa a mlombwa aja bambo anakhoma pansi. Paja inu munkapakapo oilo wakuda wa galimoto chaka ndi chaka, mukumati, "N'chifukwa cha chiswe, mwanangu, usafunse zambiri." Ndapala sabata yathunthu. Matabwa ayera bwino, kupatula pakhomo la kuchipinda kwanu. Pamenepo pali banga lalikulu ngati mbale, lolowerera mkati mwa thabwa. Ndalizindikira, amayi. Ndinali sitandade 2 tsiku limene bambo anakumenyetsani mutu pamenepo. Kani chiswe chake chinali chimenecho.

Nyemba zachita bwino, chimanga pang'ono. Mng'ono wa tonse, Tusekile, wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Anafika naye Lachiwiri kuchokera ku Nthalire, diso lotupa, dzino limodzi palibe.

Dzulo amuna ake anabwera kudzamutenga. Anakhazikika pabalaza kuyambira m'mawa, tiyi makapu atatu, osanyamuka. Tusekile atakana kachitatu, alamuwo anamukoka tsitsi n'kumusasantha chibakera pakamwa, khanda lili kumsana. Magazi anadonthera pathabwa lopalidwa, thabwa n'kumwa pompo. Iwo anayang'ana pansi n'kuti, "Mlamu, mungopakapo oilo, sizioneka."

Ndinawaphwanya mphuno ndi chitini cha vanishi. Ndinamva kuti phwa! Ndinawakhalira pachifuwa, kuwakhoma ndi kathabwa kopalira mpaka Tusekile anandigwira mkono. Manja angawa anali ngati a bambo, amayi. Mpaka pano ndikuwayang'ana.

Alamu anakhalabe pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, atagwira mphuno, kudikira kuti mkazi atuluke. Sanatuluke. Kenako anakwera njinga yawo yamoto, ndevu zikunyezimira vanishi, n'kupita okha.

Pansi pano tsopano pali banga lanu ndi la Tusekile. Ndikukulonjezani: ndipakapo vanishi woonekera mkati, kuti akuchimuna akabwera kudzakamba mlandu, ndidzawaikire mipando pomwepo. Tusekile sabwererako. Oilo wanu uja ndataya, mundikhululukire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusayo