Sindinagwirepo Chiwongolero

Lolemba, 2 Ogasiti 2004

Mwana wanga Filomena wabwera masana pa kabaza, yunifolomu ya unamwino ili fumbi lokhalokha. Akuti watopa n'kukwera njinga za eni kuchokera ku boma, tsono wapeza galimoto. Pali mkulu wina wa ku Chipata, dzina lake Elias, amaoloka nawo magalimoto pa bodala. Akuti iyi ndi yatsopano, yangotsika m'sitima ku Dar es Salaam. Zaka zisanu ndi chimodzi mwanayu akudzimana, koma sapereka kanthu mpaka ine ndiimve injini.

"Atate, inu mukati inde, Loweruka ndigula."

Ndinati bwera nayo mwanawe, khutu ili silinakalambe. Ndinanena mokweza kuti ndi odutsa panjira omwe amve. Amayi ake, Enifa, amasenda mtedza pakhonde. Sanadzutse mutu, anangokhosomola kamodzi.

Zilembo ndinaziphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zili kale mbuu. Chimene ndaona n'chakuti cholembera chimayenda pang'onopang'ono kuposa lilime, ndiye bodza limasowa pothawira. Ndilembe muno basi: sindinagwirepo chiwongolero. Pa Kamwendo aliyense amanditchula Adalaivala. Zaka khumi ndi ziwiri pa famu ya mzungu ku Chipata, ntchito yanga inali chidebe, sopo ndi nsanza. Dalaivala weniweni anali Mbemba wina wamtali. Nkhani zake ndinazitola ndi khutu, nditabwerera kumudzi ndinachotsamo dzina lake n'kuikamo langa. Zinandikwana ngati jekete la pa kaunjika.

Lachiwiri, 3 Ogasiti

Sindinapite kubawo. Ndawauza anzanga kuti bondo likupweteka.

Lachitatu, 4 Ogasiti

Yabwera. Tinaimva isanaoneke, ikulira ngati chigayo. Yofiira ngati tomato, zitseko ziwiri zokha, mimba pafupi ndi dothi, kumbuyo yaifupi ngati anaidula mchira. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo panga, ndi anzanga apabawo omwe.

Elias anatuluka ali ndi magalasi akuda, n'kundiponyera makiyi. "Ba mudala, ndimwe ba dalaivala bakale? Iyeseni timve." Ndinati maso achita ng'ala, masiku ano ndimayesa ndi khutu lokha. Anthu anavomereza. Amandikhulupirira anthu awa, ndiye choipacho.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna nthaka ikanang'ambika. Kagalimoto ka dona wa pa famu paja kanali kozungulira msana, injini yake inali kumbuyo. Nditaona iyi ndi yaifupi chimodzimodzi, ndinazungulira kumbuyo mwaulemu wanga wonse, ndinagwada, ndinatsamiritsa khutu. Elias anabwera, anakweza chitseko chakumbuyo m'mwamba ngati chivundikiro cha bokosi. Munalibe kanthu. Botolo la Fanta lokha. Anafunsa ngati ndapezamo injini yachiwiri.

Lilime langa silinandisiyepo pa tsoka. Ndinati dalaivala wakale amayambira ku ekizozi, matenda a m'mimba amamveka kotulukira. Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. Filomena ananyadira. Kenako ndinapita kutsogolo, ndinatsinzina, ndinagwedeza mutu, ndinatchula mapisitoni ndi mapulagi monga ankatchulira Mbemba uja. Ndinamva chiyani? Phokoso basi. Koma ndinati inde, injini ikuyimba.

Anatikweza kulowera njira ya ku Guilleme. Kuti ndilowe kumbuyo anachita kupinda mpando, ine n'kudzipinda ngati mpeni. Imathamanga, izo n'zoona, mitengo inkangoti psu psu. Pa mabampu mimba inakhula dothi katatu. Pobwerera tayala linaphulika pa chitsa pafupi ndi kwathu, la sipeya mulibe. Anyamata anaikankha mpaka pabwalo. Elias wanyamula tayala pa minibasi kupita nalo ku boma.

Lachinayi, 5 Ogasiti

Ndadzuka m'mawa, galimoto ili pabwalo, fumbi kuyambira denga mpaka matayala. Manja anayamba kuyabwa okha. Zaka makumi anayi zapita, koma ndinangopezeka ndagwira chidebe ndi malaya akale. Kuyambira pamwamba kutsika, mozungulira mozungulira, nsanza yonyowa kutsogolo, youma kumbuyo.

Nsanza siinama. Kutsogolo imatsetsereka bwinobwino. Itafika mbali ya kumanzere, kuseri kwa chitseko, inayamba kukwera ndi kutsika timafunde toti diso silingaone. Ndinagogoda ndi chala. Kutsogolo: ngwe ngwe. Pamenepo: du du, ngati dzungu. Pa labala wa zenera pali utoto wofiira, kufakitale sapaka labala. Pansi pa mpando wakumbuyo ndinatola timagalasi tisanu tonga mchere. Ndinakweza kapeti m'bokosi muja mmene ndinafunamo injini dzulo. Chitsulo chake n'chokwinyika ngati nkhope yanga, chowotcherera, chopaka phula wakuda pamwamba.

Izi ndikuzidziwa. Mwana wa mzungu uja anagubuduza galimoto ya bambo ake, anaikonzetsa mobisa m'tauni, amene anazindikira ndinali ine wa chidebe. Anandipatsa nsapato kuti ndisanene. Patapita miyezi iwiri galimotoyo inang'ambika pomwe anawotchererapo.

Enifa anandipeza ndili chigwadire. Iye ndinamukwatira ndili pa famu pomwepo, ankandichapira nsanza zomwezo. Zaka zonsezi sanandiululepo, pabawo kapena pamaliro. Anayang'ana timagalasi m'dzanja langa.

"Pakamwa munati inde. Nanga manja akuti chiyani?"

Ndinafumbata timagalasito, ndinatola chidebe changa.

Elias wabwera madzulo ndi tayala. Ataona galimoto ikuwala anati mwana amene watsukayu ndi katswiri, amupeze amugulire switi. Ndinati ndi ana a m'mudzi. Wapita nayo.

Lachisanu, 6 Ogasiti

Filomena wadzera pano pochokera kuntchito, wandibweretsera shuga ndi malaya atsopano, akuti oti ndivale mawa. Ndinakonza mawu tsiku lonse. Ndimati ndinene kuti ndalota maloto oipa, kapena kuti mimba yake ndi yotsika, dzinja sidzadutsa njira ya ku Mkanda. Ndinayamba ndi ya mimbayo. Anati aziyenda nayo pa tala pokha, chachikulu injini, ndipo injini atate mwaivomereza.

Wauza anzake onse kuchipatala kuti sukulu yoyendetsa sapitako, amuphunzitsa bambo ake. Ndipo Luwiza, mdzukulu wanga, wasankha kale pokhala. Mpando wakumbuyo, kumanzere, pa zenera.

Ndinatsegula pakamwa. Ine amene ndimatha kugwira anthu pamaliro mpaka phala kuzizira. Ndinangoti zikomo chifukwa cha shuga.

Ndikangonena kuti yagundidwa, Elias adzafunsa kuti Lachitatu khutu linali kuti. Kuti andikhulupirire ndiyenera kunena mmene ndadziwira.

Timagalasi tili m'thumba la malaya atsopano.

Loweruka, 7 Ogasiti

Tinakumana pa Kamwendo, pansi pa mtengo wa bawo, tsiku la msika. Filomena wakumbatira chikwama. Elias wakhala pa boneti akuzunguza makiyi. Anzanga anasiya bawo, wina anafuula kuti Adalaivala afika, tidalitsireni galimoto.

Ndinapempha chidebe cha madzi kwa mayi wogulitsa zitumbuwa. Ndinavula malaya atsopano aja, ndinawanyowetsa. Anthu ankaganiza kuti ndi mwambo. Ndinagwira dzanja la Filomena, ndinaliika pamwamba pa nsalu, tinayendetsa limodzi kuchokera kutsogolo. Pofika kuseri kwa chitseko ndinaona nkhope yake ikusintha. Ndinagogoda uku ndi uku. Ndinamuonetsa labala. Ndinathira timagalasi m'dzanja lake.

Elias analumpha. Anati mdala uyu wasokonezeka, Lachitatu anavomereza pamaso pa mudzi wonse, dalaivala wanji wa malilime awiri.

Ndinati si dalaivala. Ndinanena katatu chifukwa koyamba mawu sanamveke. Ndinati injini sindiidziwa, Lachitatu ndinaifuna kumbuyo chifukwa ndimaganiza kuti ili kumbuyo. Chimene ndikudziwa ndi kutsuka, ndinatsuka zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mwana wa switi uja ndine. Akatsegule kapeti ngati ndikunama.

Sanatsegule. Anatukwana m'chinyanja chakwawo, analiza injini, fumbi linatiphimba tonse.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Anzanga anabwerera pabawo mmodzimmodzi, osandiyang'ana.

Filomena anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, akuyang'ana timagalasi. Kenako anafunsa osadzutsa mutu.

"Nanga mkango uja munkatiuza kuti munauthawa ndi lole pa msewu wa ku Lundazi?"

"Mkango unalipo, mwanawe. Ine ndinali kumbuyo kwa lole, pamwamba pa matumba."

Anagwedeza mutu. Anamanga timagalasi pa kansalu, anaika m'chikwama. Anati akamva za galimoto ina adzanditumizira uthenga, ndibwere ndi chidebe changa chakunyumba. Sanandiyang'ane ponena. Anaitana kabaza n'kukwera.

Ndinatsala ndili chimimba pamtunda, malaya akudontha m'manja. Pabawo panali malo anga opanda munthu. Mmodzi wa anzanga anasuntha pang'ono pa benchi, anatsegula pakamwa kuti andiitane, n'kuima. Kupatula Adalaivala, sakudziwa dzina lina.

Ndinamuuza kuti ndine Vitus.