Ndasiya kuliza belu, kodi ndibwerere kwathu?

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, Mkatolika, ndipo ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mauwa. Kwathu kwenikweni ndi cha ku Mikolongwe. Kuno ndinabwera kudzakwatira, basi n'kukalambira pachikamwini.

Katchalitchi kathu n'kanthambi chabe, bambo mfumu amabwera mwa apo ndi apo. Belu lenileni tilibe. Chimene timachitcha belu ndi chitsulo cha gudumu la lole chimene tinapachika pamtengo wa mango chaka chimene dziko lino linalandira ufulu. Amene anakwera mumtengomo kukamanga waya ndine, mawondo akadali anga. Kuyambira pamenepo ntchito yoliza inakhala yanga, m'mawa, masana ndi madzulo, kukumbutsa anthu pemphero la Mngelo wa Ambuye.

Aphungu, mukanaona masiku amenewo! Belu likalira masana, makasu m'minda ankagwa pansi. Amayi ochokera kuchitsime ankaima ndowa zili pamutu n'kuyamba Tikuoneni Maria. Mkazi wanga, malemu Margret, ankagwada pamzere pomwepo ngakhale m'matope. Wotchi ndinalibe, ndinkangoyang'ana mthunzi wa mtengo, ndiye tsiku la mitambo ndinkaphonya. Madzulo ake iye ankandiseka: "Lero mwachedwa, bambo a Eluby. Mngelo wafika kwa Maria inu mukusakabe fodya wanu." Kusekedwa kumeneko ndimakusowa kwambiri.

Margret atamwalira, abale ake anandisudzula mwamwambo kuti ndine mfulu kubwerera kwathu. Koma mlongo wake, a Francisko, amene ndi mwini mbumba, anati, "Alamu, mupita bwanji? Nanga belu aziliza ndani?" Ndinatsala. Manda a Margret sali kutali, ndipo ndikamenya chitsulocho ndimadziwa kuti kulira kwake kukufika pamene wagona.

Chaka chino zinthu zasokonekera. Chimanga chinapsa ndi dzuwa, kenako kunabwera kalata ija ya maepiskopi yodzudzula boma, imene inawerengedwa m'matchalitchi pa Lenti. Kuyambira pamenepo Mkatolika akuyenda chocheuka. Kumapemphero a mphakati anthu achepa, ndipo mphekesera yabuka yoti belu langa ndi chizindikiro choitanira anthu kumisonkhano yamseri. Mwana wanga Eluby, amene mwamuna wake amagwira ntchito m'boma, anabwera akulira. "Ababa, ana angawa adzadya chiyani bambo awo akachotsedwa ntchito? Chisiyeni chitsulocho. Pitani kwanu mukapume kaye, zikazizira mudzabwera." Mawu akuti "kwanu" otuluka pakamwa pa mwana wobala ndekha anandilasa mtima.

Ndinasiya kuliza, koma kupita sindinapite. Dzuwa likafika paliwombo ndimakhala pakhonde dzanja likuyabwa, n'kumapemphera chamumtima ngati wakuba. Dzana kunabwera Che Asumani, Msilamu, mnzanga wakalekale. Anati, "Bambo a Eluby, mwadwala kodi? Ife kudimba kuja mawu a kumzikiti safika. Chitsulo chanucho n'chimene chimatiuza kuti tisambe, pemphero lathu la swala layandikira. Mwatisiya ngati mudzi wopanda tambala."

Ndikaliza, ndiika adzukulu anga pamoto. Ndikapanda kuliza, chondikhalitsa pamudzi wa eni palibe, ndipo ndidzamusiya Margret yekha. Ndikuchita mantha, ndipo manthawo akundichititsa manyazi pamaso pa Mulungu. Ndichite chiyani?

R.M.,
Mauwa, Chiradzulu

Bambo R.M.,

Maina a m'kalata yanu ndawasintha, chifukwa chake mukuchidziwa. Tsopano tikambe.

Choyamba, manyaziwo atayeni. Mantha si tchimo. Munthu amene sakuchita mantha chaka chino ndiye kuti sakumva bwino makutu. Eluby nayenso musamusungire chakukhosi. Sanakuthamangitseni, analankhula ngati mayi amene akuwerenga pakamwa pa ana ake m'chaka cha njala. Mawu akuti "kwanu" anamupulumuka, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso akumuwawa.

Koma pali pamodzi pamene mwalakwitsa, bambo. Mwalisandutsa belulo lanulanu, ngati mbuzi ya m'khola mwanu. Munalipachika ndinu, inde, koma ndi la mpingo. Kuliza kapena kusiya si mlandu woti muugamule nokha pakhonde, ndipo si wa Eluby. Mutu umodzi susenza denga.

Pitani kwa akatekisiti ndi akuluakulu a tchalitchi chanu, ndipo bambo mfumu akabwera muwafotokozere zonse, mphekesera ija osaisiya. Akati lidikire kaye, dikirani ndi mtima woyera, pakuti kumvera nakonso ndi pemphero. Akati lilire, apempheni alengeze Lamulungu pamaso pa anthu onse kuti belu limalira katatu patsiku chifukwa cha pemphero basi, monga lakhala likuchitira kuyambira kale. Mupemphenso kuti akupatseni anzanu awiri kapena atatu oti muzisinthana nawo. Likamalira m'manja mosiyanasiyana, palibe adzaloze chala banja limodzi. Komanso mawondo aja munati anali anu, pano mukudziwa nokha kuti ndi obwereka.

Musanamenye chitsulo, khalani pansi ndi Eluby, mwamuna wake ndi a Francisko. Asadzamve belu modzidzimuka ali kumunda. Auzeni zimene mwandiuza ine, za Margret kugwada m'matope, za kulira kofika kumanda. Ndikukayika ngati mwana wanuyo munamuuzapo. Amuna a msinkhu wanu mumalembera mlendo wa m'nyuzipepala zimene simunauzepo ana anu.

Za kubwerera kwanu ziiwaleni. Mukuganiza kuti a Francisko anakusungani chifukwa cha chitsulo cha lole? Mwamuna sauza mlamu wake kuti "tikukufunani," amafunsa za belu. Mudzi umene unalola kuti mukalambiremo, mmene muli ana anu ndi manda a mkazi wanu, suli wa eni okha.

Chenjezo langa ndi ili. Belulo lizilira pa nthawi yake yokha, osawonjezera ngakhale kamodzi. Pansi pa mango paja musalole macheza a nkhani za dziko, ngakhale ndi munthu amene mumadya naye mbale imodzi. Mukaliza, pempherani, muzipita. Wina akakufunsani, yankhani zoona ndi mwachidule. Sindingakulonjezeni kuti palibe chingachitike, masiku ano palibe angalonjeze zimenezo. Koma taganizani: amene anabwera pakhomo panu kudzafunsa kuti kwagwanji sanabwere chifukwa belu linalira. Anabwera chifukwa linakhala chete.

Tsiku limene lidzalirenso, nthawi ya masana musaipereke kwa wina. Che Asumani akudikira kudimba. Ndipo ngati kudzakhale mitambo n'kuphonya pang'ono, musadandaule. Alipo wina wagona kumanda kuseri kwa mudzi amene anazolowera kale kuchedwa kwanu.

Aphungu