Zingwe za pa Misomali

Njakwa, Rumphi
9 Julaye

Wokondedwa Mabel, mwana wa achimwene anga,

Moni kumeneko ku Lilongwe. Ukudzuka bwanji? Nanga chifuwa chimene chimakuvuta nyengo yozizira chija chinakusiya? Kuno tilipo, kungoti mphepo yatsika ndi ukali chaka chino, mafupa anga akulira.

Udabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni ndili nayo. Ndayesa kawiri kukuimbira, koma ikangoyamba kuitana ndimadula. Sindinafunenso kuti wina andilembere. Ndiye upirire nazo zilembo zikuluzikuluzi ngati za mwana wa sukulu ya mkaka.

Ndikusiya kusoka, Mabel. Patha zaka makumi atatu chitsegulireni shopu ija, kuyambira pamene malemu amuna anga anatumizidwa kuno ku ntchito ya ulangizi. Adokotala ku Mzuzu andiuza kuti shuga wandidya maso, magalasi sangathandizenso. Koma usafulumire kundimvera chisoni, uyambe wamva zonse.

Ukukumbukira zingwe zanga za miyeso. Tepi ndi kope ine ndinkaziseka. Mayi aliyense ali ndi chingwe chong'ambidwa ku chitenje chake chomwe, chokhala ndi mfundo ya pachifuwa, ya m'chiuno ndi ya mkono, ndipo chimakhala pa msomali wake. Ndinkadzitama kuti zingwe zoposa zana ndimazidziwa ndi maluwa ake okha. Unandipemphapo kuti tilembepo mayina, ine n'kukufunsa ngati unabwera kudzaphunzira kapena kudzandiphunzitsa.

Ukukumbukiranso tsiku limene a Kezia NyaMhango ankavekedwa yunifolomu ya amayi a Umanyano ku tchalitchi. Bulauzi inakana kutseka, mabatani awiri n'kuthothoka mpingo wonse ukuona. Mawa lake ndinakuitanira pakhonde, anthu odikira minibasi ali pomwepo, n'kunena kuti wasokoneza zingwe ndiwe chifukwa maso ako sachoka pa foni. Ndinati zaka zisanu zonse ndakhala ndikuphunzitsa mwala. Sabata isanathe unalongedza chikwama.

Chingwe cholakwika chija ndinatenga ndine, Mabel. Chobiriwira ndi chabuluu zinali zitayamba kale kufanana m'maso mwanga. Tsiku limenelo ndinkadziwa ndithu, koma ndinaona kuti bola manyazi agwere iwe.

Utachoka, amayi anapitiriza kubwera. Ankalandira bulauzi, kuitembenuza uku ndi uku, n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, mama. Ine mumtima ndinkati mwaona, vuto lapita ndi mwini wake.

Mwezi watha ndinapita ku boma kukagula ulusi. Nditatopa ndinakhala pa benchi ya Thumbiko, telala wa pafupi ndi msika uja, ndipo dzanja langa linagwera pa mulu wa mabulauzi oyera. Maso angandinamize, koma zala ayi. M'khwapa munali msoko wobwereza kawiri, umene kuno amasoka ndi ine ndi iwe basi.

Nditamufunsa, mwamunayo anachita chibwibwi, kenako n'kuulula. Akuti zaka ziwiri zonsezi amayi akachoka kwa ine amakwera minibasi kudzakonzetsa kwa iye. Anapangana pa msonkhano wawo kuti wina asandiuze, poti ndine mayi wamasiye ndipo ndinaveka amayi awo omwe.

Ndinabwerera osagula ulusi.

Ukundidziwa mkamwa mwanga. M'malo mopita kunyumba ndinalunjika kwa a Kezia kukawakalipira kuti andiyalutsa kwa Thumbiko. Anandipatsa mpando n'kundisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma. Kenako, m'Chichewa chawo chopindika chija, anandiuza kuti kale kunalibe wopita kwa Thumbiko, chifukwa iwe unkalawira m'mamawa kumasula zimene ndasoka dzulo lake n'kusokanso. Akuti popita ku dimba ankakuona pawindo. Bulauzi ya a Keziayo yokha ndi imene inakuphonya, poti ndinapita nayo kunyumba kukasita ndekha.

Mwana wanga, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Unkandibisira manyazi anga, ine n'kukuvula pagulu.

Tsono nkhani ili apa. A Amock a ku Mwazisi agulitsa fodya wawo, ndipo akufuna makina onse awiri ndi tebulo lodulira kuti akazi awo ayambe kusoka kumeneko. Yankho akulifuna mwezi uno usanathe. Mtengo ndi wabwino, sindinama. Koma nditawaonetsa zingwe anaseka, ati nsanzazo ndikolezere moto. Sakulakwa, poti zilibe mayina. Munthu amene angayang'ane pa msomali n'kunena kuti ichi n'cha uje watsala ndi iwe wekha.

Ndikukupempha ubwere udzatenge shopu. Sindikufuna wantchito ayi, ikhale yako. Eni nyumba ndalankhula nawo ndipo avomera kuti udzalowe m'malo mwanga. Chikwangwani udzafufute ulembe dzina lako. Sizasi sindidzagwiranso, ngakhale zala zitayabwa chotani. Ukalola ndizidzakhala pakhomo kupereka moni kwa amayi mpaka akuzolowerenso, ukapanda kulola ndizidzakhala kunyumba ndi nkhuku zanga. Ndipo mayina pa zingwe udzalembe, kaya ndi penti kaya ndi chiyani.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ine ndinatsala pang'ono. Sabata yatha ndinaimirira pa msonkhano wa Umanyano n'kunena kuti wosokoneza zingwe ndinali ine, ndipo kuti ndinakunamizira ndikudziwa. A Kezia anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati iweyo ndakuuza. Ndi chifukwa chake ndagwira cholembera. Odikira minibasi aja sindingathe kuwasonkhanitsanso, zimenezo ndikudziwa.

Ukakana sindidzakuimba mlandu. Mwina kumene uliko wakhazikika, mwinanso nkhope yanga sukufuna kuiona. Zikatero makina ndidzagulitsa, zingwe ndidzaziyala pakhonde kuti mayi aliyense adzatole chake, poti ine sindingathe kuwagawira.

Ukawaimbira bambo ako ndi mayi ako ku Ntcheu undiperekere moni. Achimwene amandipatsabe ulemu ngati kale, ndiye ndadziwa kuti nawonso sunawauze chimene chinakuchotsa kuno. Ndiwauza ndekha. Mulungu akusunge, adalitse manja akowo kulikonse kumene angasokere.

Kalatayi sindingathe kuiwerenganso. Ndikudziwa kuti mizere yapindika, mwina ina yakwerana. Ulendo uno usakonze mwakachetechete, Mabel. Undiuze.

Ndine azakhali ako,
Phoebe