Mamita Makumi Awiri a mu Siling'i

14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Ife kuno tadzuka. Mlamu wanu akuthokoza juzi ija, ngakhale manja ake atalika ngati munkalukira munthu wina. Koma mumandidziwa, ine sindipita m'mbali. Kalata ino si ya juzi. Ndi ya mwana wanu, ndipo ndalemba pamanja dala, chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike pomwe pali nkhani.

Munandifunsa chifukwa chake wasiya kubwera kudzadya kwathu Lamlungu. Ndinakuyankhani kuti ntchito yamuchulukira. Theka la yankho limenelo ndi loona.

Muyambe mwakumbukira izi. Mu labu muja, moyeseramo zasayansi, ndagwiramo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinalowa wopanda pepala lililonse, wokonza mapulagi chabe, zina zonse ndinaphunzira ndi maso ndi zala zanga. Palibe waya m'nyumba imeneyo amene sanadutse m'manja mwanga, n'chifukwa chake onse, kuyambira a Pulofesa mpaka amayi osesa, amanditcha a Waya. Mwana wanuyu ndine ndinamugwiritsa chowotcherera mawaya koyamba, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mpaka anapsa chala inu n'kundikalipira sabata yathunthu. Atamaliza sukulu ndine ndinamuuza kuti kuntchito kwathu kuli malo, akayesedwe miyezi itatu. Ndiye asapezeke munthu wonena kuti sindimufunira zabwino.

Ntchito yathu ndikufotokozereni, musayasamule. M'chipinda cha mdima muli nyali yowomba kuwala kwamphamvu, timaitcha leza. Imawomba kachitsulo kopyapyala ngati chikhadabo, kachitsuloko n'kuthetheka, ndipo kamera iyenera kutsegula diso kuthethekako kusanazime. Vuto ndi loti kumangokhala nanosekondi makumi atatu. Nanosekondi ndi sekondi imodzi yoduladula kabiliyoni. Kuphethira kwanuko, kwa ife ndi chaka chathunthu. Chala cha munthu sichingathe, ndiye m'chipinda china momwe timakhala ife mumakhala bokosi lolamula. Limatumiza kugunda kwa magetsi pa waya mmodzi kuuza leza kuti womba, limadikira nthawi imene waliuza, kenako limatumiza kugunda kwina pa waya wina kuuza kamera kuti penya. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi bokosi limenelo linali langa. Ndinalipanga ndekha ndi zam'kati mwa mawailesi akufa. Linalibe manambala, linali ndi chopotokola chimodzi. Ndinkapotokola mpaka chithunzi chiwale, n'kudonthezapo penti kuti ndisaiwale malo. Kunja kukatentha linkanjenjemera pang'ono, sindikana, koma mabuku onse amene a Pulofesa amanyadira aja anadutsira m'menemo.

Mwezi watha kunabwera latsopano, la ku fakitale. Katoni yake ndinakwera nayo masitepe ndine, msana ukulira. Nditaitula n'kusolola mpeni, a Pulofesa anati, “A Waya, musiyireni mtsikanayu atsegule, ndi amene azilisamala.” Buku lake ndi kiyi wa kabati anapatsa iye. Ine anandipatsa katoni kuti ndikataye. M'mawa mwake ndinapeza bokosi langa lili pazenera, pamwamba pake atakhazikapo duwa la m'chitini. Nditafunsa, amayi osesa anati, “Pepani a Waya, ndimayesa n'chopondera.” Paja amati tsobola wakale sawawa.

Ndisaname, makinawo ndi okongola. Ali ndi kagalasi kowala ndi timabowo tinayi totulukira kugunda, A, B, C ndi D. Mwana wanu anawayala patebulo ngati akusambitsa khanda.

“Amalume, tiwayatse akhale kaye theka la ola, atenthe, manambala asamayendeyende.”

Theka la ola litatha anapitiriza.

“Amalume, apa pa mtundu wa waya tisankhe 50, chifukwa mawaya athu ndi a mtundu wa 50. Tikasiya penapa kugunda kumabwerera, kamera n'kumva kawiri.”

Ndinati, “Zimenezo ndinazidziwa iwe ukuyamwa.”

“Ndikudziwa amalume, ndikungonena mokweza kuti ndisaiwale.”

Ulemu wakewo ndi umene unkandipsetsa mtima. Akanandiyankha mwano ndikanapeza pogwira. Ndinayamba kumutcha a Digiri, pamaso pa anthu, iye n'kumangoseka.

Analumikiza leza pa A, kamera pa B, n'kutchera kuti makina aziwomba kamodzi kokha akadina batani. Kenako anayamba kuwerengera nthawi yodikira. Magetsi nawonso amayenda ulendo, achemwali, mita imodzi ya waya imadya nanosekondi zisanu, ndiye uyenera kudziwa kutalika kwa waya aliyense. Anayang'ana pepala lomata pakhoma. Waya wa leza, mamita anayi. Waya wa kamera, wodutsa mu siling'i, mamita khumi. Pepalalo ndinalemba ndine. Anawerengera bwinobwino n'kulowetsa manambala ake, ine nditaima kumbuyo kwake.

Waya ameneyo si wa mamita khumi.

Tsiku limene ndinkamuyala ndinali ndi mpukutu wa mamita makumi atatu, watsopano, wokhala kale ndi mitu yake mbali zonse. Inu ndi ine tinaleredwa ndi bambo amodzi, aja ankawongola misomali yakale pamwala. Kudula waya wabwino chonchija dzanja linandikana. Ndinapinda mamita makumi awiri otsalawo, n'kuwamanga, n'kuwagoneka mu siling'i. Papepala ndinalemba kutalika kwa njira. Ndi bokosi langa zinalibe kanthu, poti ndinkapotokola mpaka chiwale. Koma ndi makina a manambala, mamita makumi awiriwo ndi nanosekondi zana. Kamera imafika pa ukwati anthu akutsuka mbale.

Ndinadziwa pomwepo, ndipo mawu anafika pammero. Nthawi yomweyo analowa a Pulofesa, anasuzumira pakagalasi paja n'kunena kuti, “Mwaona a Waya? Sayansi ndi imeneyi, osati zopotokolapotokola.” Ndinameza.

Chithunzi choyamba chinatuluka bii. Chachiwiri bii. Mwina mukuti bwanji sanangoyesayesa mpaka apeze. Tizitsulo tija tinalipo makumi anayi tokha, timapangidwa kutali ndipo timatenga theka la chaka kuti tifike. Kuwomba kamodzi, kamodzi kapita. Anasuntha nthawi ndi khumi, ndi makumi awiri, ndi makumi atatu, kutsogolo ndi kumbuyo. Bii. Ndani angaganize zolumpha zana lathunthu pepala likunena zina? Pofika Lachitatu, tizitsulo 26 tinali mu bini. Lachisanu ndi limene miyezi yake itatu imatha, ndipo a Pulofesa anali atanena kuti akufuna chithunzi patebulo, osati zifukwa.

Mwanayo anayesa zonse. Anatenga osilosikopu, kachida konga kanema koonetsa kugunda kwa magetsi, n'kupima pa A ndi pa B. Pakamwa pa makina zonse zinali zolondola. Anawerenga buku lija mpaka masamba anapindika. Nkhomaliro inkabwerera kunyumba chitsekere. Lachitatu lomwelo anandipeza ndikunola timano ta pulayala, anati, “Amalume, pepala la pakhomali n'loona?”

Ndinati, “Ukufunsa ngati malume ako amatha kuwerenga mpaka khumi?”

Anati, “Pepani amalume.”

Muone bwino, sindinanene kuti n'loona. Ndinangofunsa funso. Ndakhala ndikudziuza zimenezi masabata awiri, koma sizikundikhutitsa.

Kunyumba mlamu wanu anandiyang'ana ndikudya, anati, “Bwanji mukutafuna ngati mwaba?” Ndinamuuza kuti a Digiri zawakanika. Anati, “Ndiye mukusekerera chiyani?” Ndinakana kuti sindikusekerera. Anatola mbale zake n'kunena kuti, “Nsanje ya akazi apamitala ndinaimvapo, koma yochitira mwana wa mlongo wako ndaionera pa inu.” Ndinamenya tebulo mpaka kapu inagwa. Munthu akakunamizira umaseka. Ine ndinamenya tebulo.

Sindinkafuna kuti achotsedwe, Mulungu ndi mboni. Ndinkangofuna abwere anene kuti, amalume zandikanika, tengani bokosi lanu lija. Ndinali nditalitsitsa kale pazenera, duwa nditabwezera eni ake, fumbi nditapukuta. Ndinkati ndipotokole kawiri, chithunzi chiwale a Pulofesa akuona, kenako ndimuuze za wayayo patokha. Kamodzi kokha, achemwali. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi n'kupempha kamodzi kokha, n'zambiri?

Lachinayi m'mawa ndinamupeza atazula waya uja ku kamera, mutu wake uli lende. Anati, “Amalume, tabwerani muone.” Anali atatchera makina kuti atumize kugunda kumodzi kwakufupi m'wayamo, osilosikopu ikuyang'anira. Anati, “Mukakuwa m'chitsime mawu amabwerera, ndipo chikakhala chakuya amachedwa. Waya wosalumikiza amachitanso chimodzimodzi. Akanakhala wa mamita khumi, kugunda kukanapita n'kubwerera pa nanosekondi zana. Onani apa.” Ndinaona. Mazana atatu.

Nzeru imeneyo sindinamuphunzitse ndine. Sindinkaidziwa n'komwe. Pa zonse zimene zandiwawa mwezi uno, ichi ndiye chinalasa pamtima penipeni.

Ndinati, “Mwina makina akowa ndi amene akunama.”

Anakatenga makwerero, ndipo amene anamugwirira kuti asagwe ndine. Anakankha chitseko cha siling'i, mutu n'kulowa m'mwamba, ine ndikuyang'ana nsapato zake. Mwambo wanga mumaudziwa, waya aliyense ndimamukulunga tepi yofiira n'kulembapo kutalika kwake. Pa mpukutu ujanso ndinalemba. Anatsika tsitsi lili mbuu, kangaude paphewa.

“Zolemba zanu sizinasinthe, amalume. Pali 30.” Anapukuta manja pa malaya. “Munaiwala?”

Anandipatsa khomo lotulukira, lotsegula bwinobwino. Koma ine ndine munthu amene ndakhala ndikudzitama moyo wanga wonse kuti ndimanena chindunji. Ndinati, “Sindinaiwale.”

Sanalire, sanakalipe. Analumikiza waya ku kamera, anabwera pamakina, anachotsa zana pa nthawi ya B, n'kudina batani. Chithunzi chinatuluka mbee, chokongola kuposa chilichonse chimene bokosi langa linajambulapo. Anawombanso kanayi, kanayi konse chimodzimodzi, osanjenjemera ngakhale pang'ono.

Lachisanu ndinavala malaya oyera, kuti ngati akundichotsa andichotse ndili waukhondo. A Pulofesa anayang'ana zithunzi, anafunsa kumene kunapita tizitsulo 26. Mwana wanu anati, “Waya wa kamera ndi wautali kuposa mmene pepala likunenera. Tinapeza dzulo. Amalume ndi amene anandigwirira makwerero.” Palibe liwu labodza pamenepo, werenganinso. A Pulofesa anandigwira chanza n'kunena kuti, “A Waya, mukanapanda inu nyumba ino bwenzi itagwa.” Ntchito anamupatsa. Dzanja limenelo likundiyabwa mpaka lero. Ananditsogola pa manambala, ananditsogola pa chitsime chake chija, kenako n'kudzanditsogolanso pa mtima. Munthu apume pati?

Chiyambire tsiku limenelo sananditchulenso amalume. M'mawa amati, “Mwadzuka bwanji a Waya,” mwaulemu ndithu, ngati mmene amanenera amayi osesa. “A Waya, mungandibwereke pulayala?” Dzina limenelo ndalinyadira zaka zonsezi, koma pakamwa pake limamveka ngati chitseko chotsekedwa pang'onopang'ono.

Loweruka ndinakwera mu siling'i ndi chodulira, ndikuti ndithetse manyazi angawo. Waya ali kale pakati pa mano a chodulira ndinakumbuka kuti ndikadula, manambala ake asokonekeranso, kamera iyamba kufika ukwati usanayambe. Ndinatsika. Ndinangofufuta khumi papepala lija, n'kulemba 30, tsiku, ndi siginecha yanga yaikulu. A Pulofesa ndiwauza zonse, koma musandifulumize, si sabata ino.

Dzulo pa nkhomaliro onse atatuluka ndinayatsa makina aja, ndinadikira theka la ola monga ananenera, n'kutchera A ndi B ndekha. Anandimvera, sanandifunse pepala la sukulu. Ndi abwino, ndicho chikundiwawa. Pa C ndi D ndiye ndinasochera, ndipo buku lili m'kabati yokhoma.

Tsono pempho langa ndi ili. Musamukalipire chifukwa chosabwera kwathu. Akakuimbirani musamuuze kuti ndalemba kalata, mungomuuza kuti mpando wake wa pafupi ndi zenera palibe akukhalapo, ndipo mlamu wanu akumangophika za anthu atatu Lamlungu lililonse ngati sadziwa kuwerenga. Mumuuzenso kuti kuntchito kwake kuli munthu wina wamkulu, wouma mutu, amene sadziwa kutchera C ndi D, ndipo pakamwa pake pakukana kufunsa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa onse a pakhomo panu. Mlamu wanu akuti muzipaka bondolo mankhwala musanagone. Moni wa mwana wanu sindingakupatsireni, poti sanandipatsire, koma ali bwino, wanenepako pang'ono, ndipo ntchito akuidziwa kuposa amene anamugwiritsa chowotcherera. Mawu amenewa ndawalemba kamodzi, musadzandiuze kuti ndibwereze.

Ndine mlongo wanu,
malume wake wa mwana wanu, akadzavomera.